Momwe mungazindikirire dambo ndi zomera zowononga pamalo ofuna kukumbapo mgodi

Lamulo la zachilengedwe la 2017 limati mgodi usanayambe, pachitike kafukufuku wa ESIA, woona momwe ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA livomereze lipoti lake. Mapu a madambo omwe amalowa mu lipotilo ndi amene amauza kampani potayira dothi, podutsa msewu ndi pomanga damu la zinyalala. Mapuwo akalakwika, madimba a anthu amakwiririka. M'dera ngati la Kasiya ku Lilongwe, komwe akufuna kukumba mchenga wamtengo wapatali wa rutile, madambo ali ponseponse.

Yambani ndi zithunzi za m'chilimwe pa Google Earth. Pomwe pakuoneka pobiriwira kwina konse kutauma, kapena mzere wopanda mitengo wotsata chigwa, chongani. Kenako kaonekereni kwa amfumu, akupatseni anthu olima madimba muyende nawo. Iwowo amadziwa pomwe madzi amalekeza mu Febuluwale ndi zitsime zomwe siziphwa. Samalani ndi akatswiri ena amene amalemba lipoti lonse ali muofesi m'tauni. Afunseni manambala a GPS ndi zithunzi za maenje omwe anakumba.

Tengani auger (chida choboolera nthaka potenga dothi), khasu, tepi, zikhomo ndi foni ya GPS. Ma auger owotcherera pamsika ndi otsika mtengo, koma a paipi yopyapyala amapindika akangolowa m'makande. Zikatero khasu limakwanira.

Zomera zimakulozerani. Bango, njedza, gumbwa ndi mlulu zimamera pamadzi, ndipo katope ndi kanjedza zimakonda m'mphepete.

Pomwe ntchitoyi imaonongekera ndi poika malire. Mukapita mu Okutobala, moto wadutsa, ng'ombe zadya msipu, nthaka yachita ming'alu, dambo limaoneka ngati thengo wamba. Wopima amakhoma zikhomo pafupi ndi khwawa pomwe pali chinyezi, nasiya kunja gawo lalikulu. Mvula ikabwera, mulu wa dothi uja umapezeka uli m'madzi ndipo matope amatsikira m'madimba.

Choncho khulupirirani dothi kuposa udzu. Imani pakati pa dambo, yendani molunjika kumtunda, mukukumba dzenje lakuya masentimita 50 pa mamita 10 kapena 20 aliwonse. Nyemani chibuma ndi manja, muchione padzuwa. Pomwe madzi amakhala chaka chonse dothi limakhala lotuwa ngati phulusa, nthawi zina lonunkha ngati dzira lovunda. Pomwe madzi amabwera n'kuchoka mumapeza dothi lotuwa lokhala ndi timadontho ta dzimbiri, makamaka motsata timizu. Timadonthoti n'chitsulo cha m'nthaka: madzi akatseka mpweya chimasungunuka, akaphwa chimachita dzimbiri, ndipo chizindikirochi sichifufutika ndi moto kapena chilala. Pitirizani kukwera mpaka mutapeza dothi lofiira kapena lakatondo lopanda madontho m'masentimita 50 onsewo. Malire ali pakati pa dzenje limenelo ndi lomwe mwangolisiya, ndiye kumbani lina pakatipo musanakhome chikhomo. Dothi louma limabisa mtundu, lidonthezereni madzi kaye. Mchenga wotuwa wa m'mphepete musausiye kunja, chifukwa ndi momwe madzi ochokera kumtunda amatulukira kudyetsa dambo. Bwererani mu Malichi mukatsimikize.

Zomera zowononga, zomwe ndi zochokera kunja zofalikira msanga n'kuphimba zomera zakuno, zilembeni paulendo womwewo, mashini asanafike, chifukwa nthaka yogumulidwa ndiyo zimaikonda. M'madzi yang'anani namasupuni, yemwe wakhala akutseka makina a magetsi pa Nkula mumtsinje wa Shire. M'malo odikha madzi muli Mimosa pigra, chitsamba chaminga chomwe masamba ake amapindika mukawakhudza. Kumtunda kuli Lantana camara wa timaluwa tamitundumitundu, ndipo ku Phalombe, mbali ya nyanja ya Chilwa, kuli mtengo waminga wa Prosopis umene ziweto zimafalitsa zikadya nyemba zake.

Pa chilichonse lembani GPS, kukula kwa malo ndi ngati chabereka. Chomwe simukuchidziwa, thyolani nthambi yokhala ndi maluwa, ipanikizeni m'nyuzipepala, mupite nayo ku National Herbarium, malo osungira ndi kuzindikirira zomera, ku Zomba. Mu lipoti onetsani potsukira matayala a magalimoto, ndipo dothi lapamwamba lochokera pomwe pali zomerazi liunjikidwe palokha, lisadzagwiritsidwe ntchito pokwirira maenje.