Khodi ya QR pa kope la mwana: malangizo kwa aphunzitsi a pulayimale mu Harare

Kholo likabwera pa tsiku lokumana ndi aphunzitsi limavundukula kope, kuona zolemba za mwana ndi malikisi ofiira, n'kubwerera kunyumba lisanamve momwe mwanayo amawerengera: pomwe amadodoma, pomwe amathamanga, mawu omwe amameza. Kope silisunga zimenezo. Silisunganso galimoto ya mawaya yomwe mwana anapanga pa pulojekiti yake, yomwe pofika Lachisanu imakhala itathyoka kale. Khodi ya QR yomatidwa pachikuto cha kope imatseka mpata umenewu. Mukailoza ndi kamera ya foni, imatsegula mawu ojambulidwa, chithunzi kapena fomu yomwe mphunzitsi anasunga.

Kuyambira mu 2024, pomwe ma CALA, ntchito zomwe ana ankapatsidwa malikisi mkati mwa chaka, analowedwa m'malo ndi mapulojekiti ochitikira pasukulu pansi pa ndondomeko ya maphunziro ya Heritage-Based Curriculum, mphunzitsi akufunikabe umboni wa ntchito yomwe mwana anachita ndi manja ndi pakamwa. Makhodi amathandiza kuti umboniwo ukhale pamalo amodzi. Koma dziwani kuti khodi ndi chitseko chabe. Ntchito yeniyeni ili pa chipinda chomwe chitsekocho chimatsegula, ndi pa yemwe mwamulola kulowamo.

Khodiyi inapangidwa mu 1994 ndi kampani ya Denso Wave ku Japan pofuna kulondoloza zipangizo za galimoto m'fakitale. Ndi timabokosi takuda ndi toyera. Yaing'ono kwambiri ili ndi timabokosi 21 m'litali ndi 21 m'lifupi, yaikulu kwambiri 177 mbali zonse. Zilembo zikamachuluka timabokosi timachulukanso, ndipo ngati kukula kwa khodi papepala sikunasinthe, timabokosito timachepa thupi mpaka kamera ya foni yotchipa imalephera kutisiyanitsa. Mabokosi atatu akuluakulu a m'makona ndi omwe amauza foni pomwe khodi yayambira. Limodzi likang'ambika, zatha.

Khodi imodzi, mwana mmodzi, chaka chonse

Ambiri amayamba ndi kupanga khodi pa ntchito iliyonse. Ana 45, ntchito ziwiri pa sabata, ndi makhodi 90 oti musindikize, kudula ndi kumata sabata iliyonse. Simungathe nazo teremu. Njira yopirira ndi iyi: tsegulani Google Drive, yomwe imapereka malo aulere okwana 15 GB, pangani foda ya kalasi, ndipo mkati mwake pangani foda ya mwana aliyense. Khodi iloze ku foda ya mwanayo, osati ku fayilo imodzi. Mukatero mumasindikiza kamodzi mu Januwale, ndipo chilichonse chomwe muponyemo mu Juni kapena Okutobala chidzaoneka kudzera pa khodi yomweyo. Kusintha dzina la foda kapena kuisuntha sikusokoneza linki. Kuifufuta n'kupanga ina ndiko kumapha khodi.

Mafoda muwatche ndi nambala ya mwana ya m'rejisitala, monga 3B-17, osati dzina lonse. Pogawana foda, Drive imafunsa woti aione. Mukasiya pa "Restricted", kholo lidzakumana ndi uthenga woti lipemphe chilolezo, ndipo ambiri amangosiyira pomwepo. Mukasankha "Anyone with the link", onetsetsani kuti pambali pake pali "Viewer". Pakakhala "Editor", aliyense wotola kope panjira angathe kufufuta ntchito ya mwana ya chaka chonse. Ndipo gawanani foda ya mwana payokha. Mukatsegulira anthu foda yaikulu ya kalasi, yemwe wapeza linki yake aona za ana onse.

Popanga khodiyo, chenjerani ndi mawebusayiti omwe amati ndi aulere koma amakufunsani kuti mulembetse. Ambiri amapanga khodi yodutsa kaye pa kompyuta yawo isanafike ku foda yanu, ndipo masiku oyeserera akatha amaitseka mpaka mulipire. Makhodi 45 amafa tsiku limodzi ali chimatidwire pamakope. Kuti mudziwe, lozani khodi imodzi musanasindikize ndipo muwerenge linki yomwe yatuluka pafoni. Ngati siikuyamba ndi drive.google.com, pali wina waima pakati. Chrome imapanga khodi yolunjika ya tsamba lomwe mwatsegula. LibreOffice Writer, pulogalamu yolembera pa kompyuta yomwenso ndi yaulere, imapanga khodi mkati mwa chikalata popanda intaneti, ndipo imakulolani kusankha mulingo wopirira kuwonongeka. Milingoyo ilipo inayi: wotsika umapirira khodi ikawonongeka ndi 7 peresenti, enawo 15, 25 ndi 30. Pa kope lomwe lizigona m'chikwama limodzi ndi botolo la maheu, sankhani wa 25. Wa 30 umachulukitsa timabokosi, ndiye umafuna khodi yokulirapo.

Kusindikiza ndi kumata

Khodi ya pakope ikhale masentimita 3 mbali zonse. Kuzungulira kwake siyani malire oyera otambalala ngati timabokosi tinayi. Apa ndi pomwe sizasi imalakwitsa: mwana wothandiza kudula amadula mpaka pamzere wakuda pofuna kuti zioneke bwino, kenako khodiyo ikamatidwa pa chikuto cha pepala la khaki kamera siyiona pomwe yathera. Pepala la A4 ndi masentimita 21 ndi 29.7. Mukapatsa khodi iliyonse bokosi la masentimita 4, zimalowa zisanu mopingasa ndi zisanu ndi ziwiri motsika, zonse 35, ngati mwachepetsa malire a pepala. Kalasi ya ana 45 imafuna mapepala awiri. Pansi pa khodi iliyonse lembani nambala ya mwana musanadule, chifukwa ndi maso makhodi onse amafanana ndipo akasakanikirana patebulo muyenera kuloza imodziimodzi.

Ya pakhoma kukula kwake kumatengera pomwe woloza aimire. Gawani mtundawo ndi 10: woima mita imodzi amafuna khodi ya masentimita 10.

Sindikizani ndi inki yakuda papepala loyera. Fotokope ya fotokope imalumikiza timabokosi, ndipo pulinta yomwe inki ikutha imasiya mizere yoyera yodutsa pakati. Matani ndi guluu wouma wa kamtengo, chifukwa wamadzi amakwinya pepala. Malo abwino ndi mkati mwa chikuto chakumapeto, kutali ndi msana wa kope pomwe pepala limapindika. Kunja kwa chikuto pali pulasitiki yokutira, ndipo pulasitiki ndi selotepi zimanyezimira ndi kuwala kwa pawindo. Kusukulu komwe magulu awiri amalandizana chipinda, ena m'mawa ena masana, musadalire makhodi a pakhoma. Amang'ambidwa. Aikeni pa katoni yomwe mumatsekera m'kabati poweruka.

Zoika m'foda, ndi nkhani ya bandulo

Mawu ndi otchipa kuposa vidiyo. Mphindi imodzi ya mwana akuwerenga imatenga pafupifupi 1 MB pa chojambulira mawu cha foni wamba, choncho kalasi yonse ya 45 ndi pafupifupi 45 MB. Vidiyo ya mphindi yomweyo imaposa pamenepo kambirimbiri. Jambulani pakhonde kapena pakona ya chipinda, foni ili ngati masentimita 20 kuchokera pakamwa pa mwana. Ana asanu pa tsiku nthawi yowerenga, m'masiku asanu ndi anayi mwamaliza onse. Mupatseni ndime imodzimodzi kumayambiriro ndi kumapeto kwa teremu kuti kusintha kumveke ndi khutu. Dzina la fayilo liyambe ndi deti, monga 2025-03-14-kuwerenga, kuti zizindandalika zokha. Magetsi a ZESA akathima kapena netiweki ikavuta, sungani mufoni ndipo mukweze zonse pamodzi pomwe mwapeza Wi-Fi.

Vuto lomwe limagwetsa ambiri mu Harare ndi la bandulo. Makolo ambiri a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku kapena Epworth amagula bandulo ya WhatsApp yokha pa Econet kapena NetOne. Bandulo imeneyo siitsegula Google Drive. Kholo limaloza khodi, foni n'kumangozungulira, ndiye limati khodi ndi yabodza. Auzeni makolo zimenezi pa msonkhano woyamba. Pa tsiku lokumana nawo tsegulani Wi-Fi ya sukulu kapena hotspot ya foni imodzi, ndipo kwa omwe alibe foni yoloza khodi, imbani fayiloyo pa foni yanu ali pomwepo. Mafoni a iPhone amawerenga khodi ndi kamera kuyambira mu 2017, ndipo a Android ambiri amatero ndi kamera kapena Google Lens.

M'mabanja a kuno omwe agogo anachokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, mwana amaphunzira m'Chingerezi ndi Chishona koma kunyumba amamvabe Chichewa, chomwe ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezedwa ndi malamulo a dziko a 2013. Pulojekiti ya zachikhalidwe ingakhale mwana kufunsa agogo nthano kapena zilapi, n'kudzazinena yekha m'kalasi. Papepala angalembe mizere itatu yokha. M'mawu ojambulidwa mumamva ngati watsata nkhani mwandondomeko, ndipo agogo omwe sawerenga Chingerezi angathe kuweruza okha ngati mdzukulu wanena bwino.

Kuchonga ndi khodi

Pali njira zitatu, ndipo sizifuna zinthu zofanana.

Yoyamba siifuna intaneti konse. Khodi ingathe kusunga mawu enieniwo m'malo mwa linki. Lembani mayankho a masamu asanu, monga "1) 48 2) 7 3) 120 4) 15 5) 9", pangani khodi, matani kuseli kwa khadi la mafunso. Gulu likamaliza limabwera ndi makope patebulo panu, kuloza khodi ndi foni kapena tabuleti ya sukulu, n'kudzichonga. Mawu asapitirire zilembo 100 kuti khodi isathinane. Yesani kaye mutathimitsa data, chifukwa mafoni ena amangofuna kukafufuza mawuwo pa Google m'malo mowaonetsa. Ndipo lamulo likhale loti kope lifike litalembedwa kale. Ana a Giredi 4 sachedwa kuzindikira kuti yankho lili kuseli.

Yachiwiri ndi ya mphunzitsi yekha. Pangani Google Form yokhala ndi nambala ya mwana, dzina la ntchito, ndi mfundo zitatu kapena zinayi zopimira, monga katchulidwe ka mawu, kuima pa mpumiro, ndi kumvetsa zomwe wawerenga, iliyonse ndi malikisi 1 mpaka 4. Fomu ili ndi mwayi wopanga linki yodzazidwa kale, pa Chingerezi pre-filled link. Pangani linki yotere ya mwana aliyense nambala yake ili kale m'malo mwake. Poyendera magulu mumangoloza khodi, kudina malikisi, kutumiza, ndipo zonse zimakagwera mu Google Sheets ndi deti lake. Malinki awa ndi aatali, choncho khodi yake ikhale masentimita 4. Makhodi amenewa musawamate pa kope la mwana. Akhale m'buku lanu la malikisi, moyang'anizana ndi mayina. Akapita kunyumba, mkulu wake wa mwana adzamupatsa 4 pa chilichonse.

Yachitatu ndi makhadi a pulogalamu ya pafoni yotchedwa Plickers, omwe si QR yeniyeni koma amagwira ntchito mofanana. Mwana aliyense ali ndi khadi lake la nambala, lokhala ndi chithunzi chakuda cha mbali zinayi, A, B, C ndi D. Mukafunsa funso, mwana amatembenuza khadi kuti chilembo cha yankho lake chikhale pamwamba n'kulikweza. Inu mumayendetsa kamera kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo foni imasonyeza yemwe wakhoza ndi yemwe waphonya. Ana safuna foni, koma yanu imafuna intaneti. Makhadi amafika 63 ndipo mumasindikiza nokha. Zilembo zake ndi zazing'ono dala kuti mnzake asaonere. Chomwe chimavuta ndi zala: ana a Giredi 1 ndi 2 amagwira pakati pa chithunzi, kapena kupinda khadi. Matani makhadiwo pa katoni, aphunzitseni kugwira m'mphepete, ndipo muime kumbali ya windo kuti kuwala kugwere pa makhadi, osati m'kamera. Njira iyi imakuuzani msanga kuti theka la kalasi silinamve kuchotsera kobwereka. Siikuuzani chifukwa chake. Chifukwacho mudzachipeza m'kope.

Chilolezo cha makolo

Mawu ndi nkhope ya mwana ndi zinthu zake zachinsinsi. Zimbabwe ili ndi lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, ndipo woyang'anira nkhanizi ndi POTRAZ, bungwe la boma loyang'anira za mtokoma ndi mafoni. Musanajambule, kambiranani ndi aphunzitsi aakulu, komanso komiti ya chitukuko cha sukulu (SDC) idziwe. Tumizani kalata yaifupi yofotokoza zomwe muzijambula, komwe muzisunga, omwe angaone ndi tsiku lomwe mudzafufute, ndipo kholo lisaine. Lokana musalikakamize. Mwana wake muzimuchonga pa pepala monga kale.

Jambulani ntchito ndi manja, osati nkhope, baji ya yunifolomu kapena chikwangwani cha sukulu. Thimitsani zolemba malo pa kamera, chifukwa chithunzi chimatha kusunga pomwe chinajambulidwira. Malikisi ndi ndemanga zonga "akuvutika kuwerenga" zisalowe m'foda yotsegukira aliyense wokhala ndi linki. Kope likasowa, bwezani foda ya mwanayo pa "Restricted" tsiku lomwelo, samutsirani mafayilo ku foda yatsopano, n'kusindikiza khodi ina.

Mu Novembala apatseni makolo masabata awiri oti atsitse zomwe akufuna kusunga. Kenako tsekani mafoda onse, kupatula umboni wa mapulojekiti womwe sukulu ikufuna kusunga, ndipo umenewo upite ku akaunti ya sukulu, osakhala pa Gmail yanu, kuti mukasamutsidwa usapite nanu.