Mmene mungafufuzire liwu la Chihebri la "nabat" pa foni yanu

Lachinayi lililonse madzulo timakumana m'galaja ya m'bale wina ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, anthu ngati 12, kuwerenga Baibulo. Mwezi watha mayi wina wa m'gulu lathu anabwera ndi kanema wa pa WhatsApp. Mlaliki wa m'kanemamo ankati mkazi wa Loti sanangocheuka ayi, chifukwa liwu la Chihebri pamenepo ndi nabat, ndipo nabat ndi kuyang'ana mosirira, mtima utatsala kumbuyo. Anthu anavomera ndi mitu. Ine ndinangoti, "Amayi, mundipatse sabata imodzi."

Ndine mlonda ku Randburg, ndipo mlonda usiku umamutalikira. Zimene ndinachita m'kanyumba ka pageti mungathe kuzichita inunso, ngakhale mu takisi yochokera ku Bree.

Poyamba tsitsani Blue Letter Bible pa foni, kapena tsegulani STEP Bible imene anaiyambitsa a Tyndale House a ku Cambridge. Zonse ndi zaulere, koma tsitsirani pamene pali Wi-Fi, data ya kuno si yoseweretsa. Buku Lopatulika lanu likhale chitsegulire pambali, pakuti mapulogalamuwa amakulowetsani ku Chihebri kudzera m'Baibulo la Chingerezi. Pitani pa Genesis 19:26, dinani vesilo, musankhe Interlinear, pamene amaonetsa liwu lililonse la Chihebri pamodzi ndi la Chingerezi. Liwu lililonse lili ndi nambala yake. Manambalawa anawakonza James Strong m'buku lake la 1890, ndipo a Chihebri amayamba ndi H. Lathuli ndi H5027. Ilembeni pa pepala, ndiyo kiyi wanu.

Apa pali kamsampha kamene kanandidyera theka la usiku. Muzu wa liwuli ndi zilembo zitatu, n-b-t, koma m'mavesi simudzaona "nabat" ayi. Mudzaona hibbit, habbet, tabbit, vattabbet. N uja amamezedwa ndi b, ndiye b amakhala wawiri. Musadabwe nazo, ifenso timati "ndadya", "adyetsa", "chakudya", koma tonse tikudziwa kuti ndi kudya komweko.

Mukadina nambalayo, mudzaona tanthauzo la Strong: kuyang'anitsitsa, ndiponso nthawi zina kuyang'ana mokondwera, mokomera mtima kapena mosamalira. Mlaliki uja anatola pamenepa. Koma musaime pa tanthauzolo. Tsikani m'munsi, pamene pali mndandanda wa mavesi onse okhala ndi liwuli. Alipo pafupifupi 70 okha, ntchito ya mausiku awiri. Yerekezani ndi ra'ah, H7200, liwu wamba la kuona, limene limapezeka koposa ka 1,300. Limenelo musaliyambe dala.

Tsopano werengani vesi ndi vesi, ndipo pa lililonse dzifunseni: akuyang'ana ndani, akuyang'ana kuti, ndipo waona kanthu kodi?

Pa Genesis 15:5 Mulungu atulutsa Abramu kunja usiku, namuuza kuti ayang'ane kumwamba awerenge nyenyezi. Habbet. Pa Eksodo 3:6 Mose abisa nkhope pa chitsamba choyaka, poopa kuyang'ana Mulungu. Liwu lomwelo, ndipo apa palibe kusirira, pali mantha. Koma vesi limene linanditsegula maso ndi 1 Mafumu 18:43. Eliya ali pa phiri la Karimeli, chilala chavuta, atuma mnyamata wake kuti akayang'ane cha kunyanja. Mnyamata akwera, ayang'ana, nabwera kudzanena kuti kulibe kanthu. Anachita nabat, koma sanaone kalikonse.

Ndinaseka ndekha pageti paja, chifukwa Chichewa chathu chimasiyanitsa zimenezi kale. Wakumudzi aliyense anayang'anapo kumwamba mu Novembala, mbewu zili m'manja, osaona mtambo. Kuyang'ana ndi kulozetsa maso dala. Kuona ndi pamene chinthu chalowa m'maso. Tili ndi kupenya, kupenyetsetsa, kusuzumira, kucheuka. Nabat ali kumbali ya kuyang'ana ndi kupenya: munthu watembenuza maso mwadala, wawaika pa chinthu.

Chotsatira n'chofunika kwambiri: onani kaliwu kamene kayandikana nalo. Kawirikawiri ndi el, kutanthauza "kwa" kapena "ku". Pa Numeri 21:9 wolumidwa ndi njoka ankachita hibbit el njoka yamkuwa ija, n'kukhala ndi moyo. Pa Yesaya 51:1-2 anthu auzidwa kuyang'ana ku thanthwe limene anasemedwako, kwa Abrahamu ndi Sara. Pa nkhani ya Loti kaliwuko ndi kena, achar, kumbuyo. Pa 19:17 lamulo linali lakuti asayang'ane kumbuyo, ndipo pa 19:26 mkaziyo anayang'ana ali pambuyo pa mwamuna wake. Mlandu wake uli poyera: anauzidwa, sanamvere. Kaya mtima wake unatsala ku Sodomu, liwulo palokha silikunena. Amene akufuna kulalikira zimenezo apite ku Luka 17:31-32, pamene Yesu akuchenjeza za kubwerera kukatenga katundu m'nyumba, kenaka n'kutchula mkazi wa Loti. Ulalikiwo ndi wabwino, koma maziko ake ali kwa Luka.

Musaiwalenso kuwerenga vesi la pamwamba ndi la pansi. Pali chiphunzitso china chimene ndachimva kangapo, chakuti ra'ah ndi kuona kwa thupi, nabat ndi kuona kwa mzimu. Chimakoma kumva, koma yesani. Pa Numeri 21:8, Mulungu polamula Mose za njoka ija, akuti woiona adzakhala ndi moyo, ndipo liwu ndi ra'ah. Vesi lotsatira, pofotokoza chinthu chomwecho, likuti hibbit. Nanga 1 Samueli 16:7? Samueli wachita chidwi ndi Eliabu, mkulu wake wa Davide, ndipo Yehova amuuza kuti asayang'ane maonekedwe ake ndi msinkhu wake. Ameneyo ndi nabat, pa zakunja. Pamene vesilo likuti Yehova aona mumtima, liwu ndi ra'ah. Chiphunzitso chija chagwa chagada.

Pamene mwini kuyang'anako ndi Mulungu, m'pamene tanthauzo la kusamalira limamveka bwino. Pa Yesaya 66:2 akuti adzayang'ana kwa wodzichepetsa ndi wosweka mtima. Pa Amosi 5:22 akuti nsembe zawo za nyama zonenepa sadzaziyang'ana. Si kuti sakuziona, koma sazilabadira. Ife a kuno tikudziwa bwino kuyang'ana kwa mtundu umenewu. Waima pa mzere ndi mapepala ako kuyambira m'bandakucha, wa pa windo wakuona ndithu, koma sanakuyang'ane. Wolemba Maliro naye amadziwa kusiyanaku, ndiye pa 1:11 akuchonderera ndi mawu onse awiri pamodzi, kuti Yehova aone ndi kuyang'ana.

Kanthu kena kakang'ono: m'Masalimo ambiri manambala a mavesi a Chihebri amatsogola ndi limodzi, chifukwa mutu wa salimo amauwerenga ngati vesi. Vesi la anthu amene anayang'ana kwa Iye nkhope zawo n'kuwala ndi Salimo 34:5 m'Baibulo lanu, koma 34:6 m'Chihebri. Musaganize kuti foni yasokonezeka.

Pomaliza bwererani ku Chichewa. Tsegulani Buku Lopatulika la 1922, limene William Murray wa ku Nkhoma anatsogolera kumasulira, ndi Buku Loyera la 1998, muone liwu limene aliyense anasankha pa vesi lomwelo. Pamene asiyana, imani pomwepo muwerenge mutu wonse.

Lachinayi lotsatira ndinapita ndi pepala langa, ndipo magetsi atathima tinawerenga ndi tochi za pafoni. Mayi uja anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Chabwino bambo, nanga pamene Mulungu anayang'ana Abele ndi nsembe yake, osayang'ana Kaini, ndi nabat yemweyo?" Si iye ayi. Pa Genesis 4:4-5 pali liwu lina, sha'ah, H8159. Ndamuuza kuti limenelo akafufuze yekha, ndipo pulogalamu ija ndamuikira kale pa foni yake.