Kupangitsa gitala kwa mmisiri

Gitala yanga ndinapangitsa kwa mmisiri wina pa Dedza boma. Musanatulutse ndalama, funsani za matabwa kaye. Ine ndinasankha mbawa kumbuyo ndi m'mbali, paini kumaso. Koma akhale ouma ndithu! Gitala yanga yoyamba anaipanga ndi matabwa osauma, dzuwa la Okutobala litafika khosi linapindika, mawaya n'kukwera mpaka zala kuchita matuza.

Auzeniretu ngati mukufuna mawaya achitsulo kapena a nayiloni. Achitsulo amakoka kwambiri, ndiye khosi limafunika kachitsulo mkati. Perekani theka lokha la ndalama, tsiku lodzatenga mulemberane papepala.

Pokatenga nyamulani tepi yoyezera. Fureti ya 12 (mafureti ndi tizitsulo topingasa pakhosi la gitala) ikhale pakati penipeni pa waya, kuyeza kuchokera pomwe khosi lathera kumutu mpaka pa buliji, pomwe mawaya amatsamira kumaso kwa gitala. Kenako imbani nyimbo yathunthu iwo ali pompo.