Chitetezo cha shirimpi chili m'magazi ake: musachifooketse

Shirimpi, nyama yaing'ono ya m'madzi yokhala ndi chigoba ngati nkhanu yomwe imawetedwa m'madamu, simungaibaye katemera ngati nkhuku kapena ng'ombe, chifukwa thupi lake silipanga asilikali okumbukira matenda omwe idadwalapo. Chimene imadalira ndi timapuloteni ting'onoting'ono totchedwa ma peptide, tomwe timapangidwa m'maselo a magazi ake. Bakiteriya akalowa, maselo aja amathamangira pamalopo n'kukhuthula timapuloteniti, ndipo tambiri timapha pobowola khungu la bakiteriyayo.

Magulu odziwika bwino ndi atatu. Ma penaeidin, omwe adapezeka mu 1997 m'shirimpi ya mtundu wa vannamei, amalimbana kwambiri ndi mabakiteriya a Gram-positive (limodzi mwa magulu awiri akuluakulu a mabakiteriya) komanso mafangasi. Ma crustin nawonso mphamvu zawo zambiri zili ku gulu lomwelo. Koma amene mlimi ayenera kuwasamala kwenikweni ndi ma ALF, chifukwa ndiwo amakakamira pakhungu la mabakiteriya a gulu linalo, la Gram-negative, kuphatikizapo Vibrio, mdani wamkulu wa m'damu. Vibrio harveyi amachititsa tiana ta shirimpi kuwala mumdima tisanafe. Mitundu ina ya Vibrio parahaemolyticus imabweretsa matenda a AHPND, omwe adayambira ku China mu 2009. Poizoni wake amawononga chiwindi, ndipo damu lonse likhoza kutha m'masiku 35 oyambirira.

Vuto n'lakuti maselo a magaziwa amachepa msanga shirimpi ikapanikizika. Nthawi zambiri chopanikiza chimakhala madzi.

Yezani okosijeni m'mbandakucha, dzuwa lisanatuluke, poti ndi pamene amatsikitsitsa. Asatsike kupyola 4 mg pa lita. Akayandikira pamenepo, yatsani makina opukusa madzi. pH, muyeso wa asidi m'madzi, ikhale pakati pa 7.5 ndi 8.5, ndipo kusiyana kwa m'mawa ndi masana kusapose 0.5. Apa ambiri amalakwitsa: amayeza kamodzi n'kukhutira, osadziwa kuti pH ikakwera masana, amoniya wochokera ku ndowe ndi chakudya chowola amasanduka waukali. Amoniya waukaliyo akhale pansi pa 0.1 mg pa lita. Kutentha koyenera ndi madigiri 28 mpaka 32. Mvula yamphamvu imatsitsa mchere ndi kutentha nthawi imodzi, choncho tsiku limenelo chepetsani chakudya.

Chakudya chotsala chimawolera pansi n'kudyetsa Vibrio. Onani mathireyi a chakudya pakatha maola awiri mutadyetsa. Ngati chatsala, chepetsani chakudya chotsatira, ndipo popani matope osonkhana pakati pa damu.

Nthawi yofundula chigoba ndi yoopsa kwambiri. Thupi limakhala lofewa, khomo la mabakiteriya lili pululu. Musakoke ukonde kapena kusamutsa shirimpi masiku amenewo.

Pali kayezedwe kosavuta kochitira pamphepete pa damu. Tengani shirimpi khumi, kokani magazi pang'ono ndi jakisoni woyera patsinde pa mwendo, donthezani pagalasi, n'kumakhudza ndi nsonga ya singano. Magazi abwino amaoneka obiriwira motuwa ngati thambo ndipo amaundana mphindi imodzi isanathe. Akachedwa, kapena akaoneka oyera mbuu ngati madzi a mpunga, chitetezo chagwa. Kenako yang'anani shirimpiyo padzuwa: matumbo azikhala odzaza kuyambira kumutu mpaka kumchira, chiwindi chikhale chodera ndi chonenepa. Chiwindi chotuwa ndi chofota ndi chizindikiro choti mutumize zina ku labotale tsiku lomwelo.

Zosakaniza m'chakudya monga beta-glucan ndi vitamini C zimathandiza maselo kugwira ntchito, koma beta-glucan wa tsiku ndi tsiku kapena wopyola muyeso amatopetsa chitetezo chomwecho. Perekani modumphitsa masiku, potsatira muyeso wolembedwa papaketi.

Za maantibayotiki, ife sitilimbikitsa kuthira mwachizolowezi. Amapha mabakiteriya othandiza a m'matumbo, amasiya Vibrio wosamva mankhwala, ndipo zotsalira zake m'nyama zimachititsa kuti ogula akane katundu yense. Shirimpi yodwala imasiyanso kudya, motero mankhwala a m'chakudya amadyedwa ndi zamoyo bwino, pamene zodwalazo zikungoyandama m'mbali mwa damu.