Momwe mungafufuzire za anthu amene anachepetsa thupi osanenepanso ku Chikwawa ndi Nsanje

Musanagule sikelo, gwirizanani za anthu amene mukuwafuna. Akatswiri ambiri amatsata muyezo wa ofufuza a ku America, Rena Wing ndi James Hill: munthu wachotsa mwadala gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, ndipo watha chaka osabwerera. Mayi wa makilogalamu 80 atsike kufika pa 72 n'kukhala pomwepo miyezi 12. Wing ndi Hill anayambitsa kaundula wa anthu amene anachepetsa thupi osanenepanso, wotchedwa National Weight Control Registry, ku America mu 1994, koma ambiri olembedwamo ndi amayi achizungu, choncho zomwe anapeza sizingangoikidwa pa mlimi wa ku Makhanga kapena wogulitsa nsomba pa Bangula.

Ntchito yaikulu kuno kuchigwa ndi kusiyanitsa amene anachepetsa thupi mwa kufuna kwake ndi amene anaonda chifukwa cha njala kapena matenda. Pakati pa Januwale ndi Marichi nkhokwe zimakhala zitauma, ndipo mabanja ena amafika podya nyika, mizu ya zomera za m'madzi. Mukayeza munthu mu Juni atangokolola, n'kumuyezanso mu Febuluwale, mudzalemba kuti wapambana pamene ndi njala. Yezani miyezi itatu iliyonse, koma poyerekeza tengani mwezi womwewo wa chaka chotsatira. Lembaninso amene anakhala m'misasa madzi atasefukira, monga pa namondwe Freddy mu Marichi 2023, chifukwa kadyedwe ka kumeneko si ka kunyumba. Chifuwa chachikulu, HIV ndi shuga wosalandira mankhwala zimaondetsa, pamene ma ARV okhala ndi dolutegravir amanenepetsa ena. Pemphani kuona buku la kuchipatala, mwini wake akalola. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa muwaike padera. Wina akaonda osadziwa chifukwa, ameneyo ngofunika kuchipatala msanga.

Chilolezo chitengeni ku NHSRC kapena COMREC, makomiti amene amavomereza kafukufuku wa zaumoyo m'Malawi, kenako ku ofesi ya zaumoyo ya boma ndi kwa amfumu. Alangizi a zaumoyo ndiwo angakulozereni makomo.

Yezani m'mawa, munthu asanadye, atavula nsapato ndi kutula zam'thumba. Masana dzuwa la kuno limachotsa madzi ambiri m'thupi, moti wodula nzimbe ku Nchalo amapepukirako ndi thukuta lokha. Sikelo ikhale pa simenti, osati pamchenga, ndipo tsiku lililonse muziiyesa ndi chigubu chomwecho cha malita 20 chodzaza madzi. Nambala ikasintha, sikelo yayamba kunama. BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, ipezeni pogawa makilogalamu ndi msinkhu wa m'mamita wochulukitsa ndi iwo wokha: makilogalamu 80 pa mamita 1.6 ndi 31. Kuyambira 25 thupi lapitirira, kuyambira 30 ndi kunenepa koopsa. Tepi ya m'chiuno ipite pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, munthu atatulutsa mpweya.

Pa zakudya musafunse kuti "mumadya bwino?" Nenani kuti, "Mayi, dzulo chidzukireni munadya chiyani?" Tengani chipande ndi supuni kuti akuonetseni kukula kwa mtanda, mitanda ingati, nsima yake ya chimanga kapena ya mapira, masupuni angati a shuga mu tiyi. Thobwa, mandasi, nzimbe ndi mowa anthu saziwerengera ngati chakudya, ndiye muzitchule nokha. Chimodzimodzi kulima kudimba, kutunga madzi ndi kupalasa kabaza: funsani maola ake, pakuti palibe amene amazitcha masewera olimbitsa thupi.

Ambiri amaopa kuchepa thupi chifukwa anthu amayamba kunong'onezana kuti akudwala, ndipo ena amanenepanso dala kuti miseche ithe. Funso la mantha amenewa lifunsidwe paokha, m'Chisena kapena m'Chimang'anja, ndi wofunsa amene wofunsidwayo angamasuke naye. Mulembenso amene anayesa n'kunenepanso, a zaka ndi ntchito zofanana ndi za amene sananenepenso. Popanda iwo simungadziwe ngati kusiya shuga mu tiyi ndiko kunathandiza, kapena onse anasiya chifukwa shuga anakwera mtengo.