Jasmine wa m'nyumba akukana kuchita maluwa? Chitani izi

Mwafunsa za jasmine wanu wa mumphika, amene chaka chachiwiri chino akungobiriwira pabalaza koma duwa ngakhale limodzi ayi.

Choyamba, mchotseni pakona ya mdima. Amafuna kuwala kwamphamvu pafupifupi maola 6 patsiku. Kuno ku Lilongwe nyengo yozizira dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye muikeni pazenera loyang'ana kumeneko.

Chachiwiri ndiye nkhani yaikulu. Mtundu wa Jasminum polyanthum, wa timaluwa toyera tomwe tisanamasule timaoneka tapinki, umafuna kuzizidwa kaye. Mu June ndi July, pamene usiku kumazizira mpaka cha m'madigiri 10, muzimugoneka pakhonde kwa masabata 5 kapena 6, kutali ndi babu loyaka usiku wonse. Chisanu chimene ife timachithawa ndi mabulangete awiri, iye ndi chomwe akudikira.

Masiku amenewo madzi achepe. Pisani chala m'dothi: ngati chatuluka ndi chinyontho, dikirani mawa. Mphika ukhale woboola pansi, ndipo musathamangire kumusamutsira mu waukulu, amachita bwino mizu ikathinana pang'ono.

Urea musiyireni chimanga, ameneyo amangochulukitsa masamba. Kukayamba kufunda mu August, tsinani D Compound pang'ono chabe, mukwirire m'mphepete mwa mphika, muthirire.

Sizasi ikhale m'kabati mpaka maluwa atayoyoka. Ambirife timalakwa pamenepa: timadulira mu May kuti aoneke bwino, osadziwa kuti nthambi zomwe tatayazo ndi zimene zikanamasula.