Kupanga tchizi pakhomo ndi kudindapo chizindikiro chako, mmene ndimachitira ine kuno ku Highfield mu Harare

Chibweretsereni tchizi ija pa chinkhoswe mwezi watha foni yanga sikupuma, aliyense akuti tiphunzitseni, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense aziwerenga yekha.

Nkhani imayambira pa mkaka. Malita 10 amakupatsani tchizi yokwana pafupifupi kilo imodzi basi, dziwiranitu musanayambe kulota za phindu. Wa long-life wa m'mabokosi uja musayerekeze, suundana olo mutathira reneti (mankhwala oundanitsa mkaka) yochuluka bwanji chifukwa anautenthetsa mopyola kufakitale. Ine ndimatenga kwa mlimi wina cha ku Ruwa, kunja kwa Harare. Poyamba ndinkagula kwa mnyamata wina wa zigubu panjinga, wotchipa zedi, koma malita 10 kutuluka katchizi kongokwana m'dzanja, kumeneko kunali kugula madzi a pachitsime pa mtengo wa mkaka. Kagulenitu lactometer, ndi kagalasi koyandama, mkaka wothira madzi kamamira kwambiri ndipo wogulitsayo akangokaona amayamba yekha kuyang'ana kumbali.

Thirani mkaka mu poto wa stainless, osati wa aluminiyamu, mutenthetse mpaka madigiri 63 ndipo ukhale pomwepo mphindi 30 kuti tizilombo tife. Temomita ndiyofunika, za chala zisiyeni. Uzizire mpaka 32, muthiremo kapu imodzi ya chambiko chabwino, anzathu achishona amati mukaka wakakora, muvundikire ola limodzi. Kenako reneti, muyezo wake uli pabotolo. Isungunuleni m'madzi owiritsa ozizira chifukwa klorini wa pampopi amaifoola. Ena amadulira njira ndi viniga kapena mandimu, inde mkaka umadula ndithu koma imeneyo ndi tchizi yodya sabata yomweyo, siikhwima komanso chidindo sichigwira bwino.

Pakatha mphindi 45 mkaka umakhala waundana, mukalowetsa mpeni umang'ambika bwinobwino. Dulani timabokosi tonga nsawa, mukweze moto pang'onopang'ono mpaka 38 kwa theka la ola uku mukutakasa, kenako sefani pa nsalu yoyera. Madzi achikasu otsalawo ine ndimakandira mandasi. Chikombole changa ndi kandowa ka pulasitiki kobowola ndi msomali wotentha, mumayala nsalu, kuthira zibuluma zija, chivundikiro cholowa mkati, pamwamba chigubu cha malita 5 cha madzi, ndiye makilo 5 amenewo. Pakatha ola tembenuzani muwonjezere kulemera.

Tsopano pa chizindikiro apa ndi pamene ndinaona zakuda. Lingaliro lake ndi losavuta, chivundikiro chopsinjira chija chimasemedwa, ndiye tchizi ikamapsinjika chithunzi chimatsalira pakhungu lake. Azungu a ku Italy amachita zonga zomwezi pa tchizi yawo yotchedwa Parmigiano Reggiano, dzina lija la timadontho m'mbali limachokera pa lamba amene amaika m'chikombole tchizi idakali yofewa. Ine ndinajambula ka nsomba ka chambo, pokumbukira kwa agogo ku Mangochi, ndi zilembo ziwiri N ndi B. Ndinapita nacho kwa bambo wina wosema mbali ya ku Mbare, iye amvekere "amayi musadandaule, mawa lomweli mubwere." Anasemadi bwino, kuwerengeka bwinobwino pa thabwa, ine kulipira madola 5 ndikusekerera mu kombi njira yonse.

M'mawa kutsegula chikombole, B wayang'ana kumanzere, N wapotoka, zilembo zasinthana malo. Mwana wanga wa Grade 3 ndi amene anayamba kuseka, akuti amama tchizi yanu siidziwa kulemba. Chidindo chimayenera kusemedwa chotembenuza ngati mmene zimaonekera pagalasi, ineyo sindinaganizeko, wosemayo sanandiuzenso. Musanalipire chiyikeni pagalasi, chikawerengeka pagalasipo ndiye chili bwino, kapena chidindeni pa ufa wokanda pompo. Vuto lina thabwalo linali la paini, tchizi yonse kununkha utomoni ngati mwalowa kwa kalipentala, ndipo mamba a chambo aja anali ting'onoting'ono, khungu litauma anafufutika onse nsomba kukhala ngati mbatata.

Chachiwiri ndinapangitsa pa chopping board yoyera ya pulasitiki yokhuthala, imatsukika ndi madzi otentha komanso siisunga fungo. Mizere ikhale yonenepa ndi yakuya mamilimita atatu kapena anayi, m'mbali mwake mopendekeka pang'ono kuti pochotsa isazule tchizi. Zokongoletsa zambirimbiri zisiyeni. Ndipo chidindo chimalowa pa kupsinja komaliza kokha, mutachotsa nsalu mbali ya pamwambayo, mukasiya nsalu mudzangoona makwinya ake. Makilo 15 usiku wonse, ine ndimasanja zigubu zitatu pa thabwa, koma ziyime mowongoka, zikapendama chizindikiro chimazama mbali imodzi.

Zotsalazo n'zosavuta. Madzi a mchere, magalamu 200 pa lita, tchizi ya kilo igonemo maola ngati 10, muitembenuze pakati. Iumitseni masiku awiri atatu pamthunzi yovundikira ndi neti chifukwa cha ntchentche. Kukhwima imafuna madigiri 10 mpaka 13 kwa mwezi kapena kupitirira, ndiye ndi kuthimathima kwa magetsi kuno ine ndimapanga yambiri mu June ndi July, ya October ndinasiya. Muziitembenuza tsiku lililonse, nkhungu ikamera pukutani ndi kansalu ka madzi a mchere, m'mizere ya chizindikiro muzidutsamo ndi mswachi watsopano chifukwa ndi mmene imakonda kubisala.